Kuwerenga ndi Lichero M'manja

Pali dandaulo limene lakhala likumveka kwa zaka zambiri m'misonkhano ya aphunzitsi, m'nyuzipepala ndiponso pa wailesi, lakuti Amalawi sakonda kuwerenga. Ife dandaulo limeneli sitilivomereza lonse. Aliyense amene anaimapo pa msika wa Nselema akudziwa kuti pepala losindikizidwa silidutsa m'manja mwa munthu popanda kuyang'anidwa. Nyuzipepala yakale imene mayi wakulungiramo zitumbuwa, mnyamata amayamba waiwongola pabondo, nawerenga theka la nkhani ya mpira imene mathero ake anapita ndi wogula wina. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala, kalata yochokera kusukulu, uthenga wa pa foni, zonsezi zimawerengedwa, ndipo kawirikawiri zimawerengedwa mokweza kuti agogo amene maso awo anachita chidima amve nawo. Njala ya kuwerenga ilipo ndithu. Chimene chikusowa pakati pathu ndi china, ndicho chizolowezi choima pa zimene tawerengazo ndi kuzifunsa mafunso.

Amayi olima mpunga m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chiuta akhoza kutiphunzitsa kanthu pamenepa. Mpunga ukasinjidwa mumtondo, palibe mayi amene amauthira mumphika momwemo. Amatenga lichero napeta, kuti mankhusu apite ndi mphepo ndipo timiyala tichotsedwe tisanathyole dzino la mlendo. Pochita zimenezi mayiyo sakunyoza mlimi, ndipo sakudana ndi mpungawo. Akuulemekeza, chifukwa akufuna kuti udyedwe. Ntchito ya munthu wounika mabuku ndi yomweyo. Iye amawerenga buku lonse mofatsa, kenaka nauza anzake poyera kuti apa wolemba wanena zoona, apa wathamanga, apa wabwereza za ena, apa watipatsa chinthu chimene sitinachionepo. Ntchito imeneyi m'Chichewa ndi yosowa kwambiri, kotero kuti ngakhale dzina lake lenileni sitinagwirizanebe.

Sitinganene kuti dera lathu lili kutali ndi makina osindikizira. Ku Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, kuli Montfort Media, kumene kwatuluka mabuku ambiri, magazini ya The Lamp imene Bambo Piergiorgio Gamba anaiyambitsa mu 1995, ndiponso nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso. Kuchokera kumeneko mtolo wa mapepala ukhoza kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa pa Nsanama ndi pa Ntaja, ndi kufika pa Nselema dzuwa lisanalowe. Vuto ndi lakuti buku likafika, palibe amene amatiuza ngati liyenera ndalama zathu. Bambo amene wagulitsa thumba la nandolo, ndipo ali ndi ana anayi ofuna makope, sangagule buku mwa mwayi ngati akuchita juga. Afunika munthu wokhulupirika amene walilawa kale.

Nanga nyuzipepala zathu zimatiuza chiyani buku latsopano likatuluka? Kawirikawiri zimatiuza za mwambo wolikhazikitsa: hotela imene anthu anasonkhanamo, mlendo wolemekezeka amene anafika, ndalama zimene wakutiwakuti anagulira buku loyamba, ndi mawu a wolemba othokoza banja lake. Chithunzi chimakhalapo, anthu atanyamula bukulo akumwetulira. Za m'kati mwa bukulo timapatsidwa mizere iwiri kapena itatu, yotengedwa pa chikuto chakumbuyo. Zili ngati munthu wobwera ku ukwati amene akukufotokozera za magalimoto ndi zovala, koma ukamufunsa za mkwati akuti sanamuone nkhope.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo tisawaweruze mopupuluma amene anakula nawo. Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe limene linabadwa ndi lamulolo linaletsa mabuku mazanamazana. Kwa zaka zoposa makumi awiri, wounika mabuku wamphamvu koposa m'Malawi anali bungwe limenelo, ndipo funso lake linali limodzi lokha, lakuti kodi bukuli likhoza kukhumudwitsa akuluakulu? Jack Mapanje, mwana wa ku Mangochi konkuno, anatulutsa buku lake la ndakatulo la Of Chameleons and Gods ku London mu 1981. Patapita zaka zochepa bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mwiniwake anamangidwa mu September 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira May 1991. M'nyengo yotere, kunena poyera tanthauzo la ndakatulo ya mnzako kunali ngati kumuloza chala pamaso pa apolisi. Anthu anzeru anaphunzira kuwerenga mwakachetechete ndi kusunga maganizo awo m'mimba. Bungwelo mano ake anagweluka pambuyo pa 1994, koma kukhala chete kuja tinakusandutsa mwambo.

Palinso ulemu wathu, umene ndi chuma, koma nthawi zina umatimanga lilime. Olemba m'Chichewa ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene ungamudzudzule lero ndi yemwe mudzakhale naye pa benchi imodzi pamaliro mawa. Sukulu nayonso yathandiza kupha nkhaniyi. Mwana wa Fomu 4 amapatsidwa buku la Chichewa osati kuti alikonde kapena kulitsutsa, koma kuti aloweze mayina a atengambali ndi maphunziro asanu opezeka m'mutu wachitatu. Ambiri amakhoza mayeso atawerenga timabuku ta mafunso ndi mayankho, buku lenilenilo asanalitsegule n'komwe. Mwana wotere akamaliza sukulu amasiya buku monga momwe wodwala amasiyira mankhwala akachira.

Kuti tisangodandaula, tiyeni titenge lichero tipete buku limodzi limene ambiri a ife tinalimvapo. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndi kusindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa dzina lakuti Man of Africa, ndipo motero nkhani yolembedwa m'chinenero chathu inawerengedwa kutsidya kwa nyanja dziko lino lisanalote n'komwe za ufulu wodzilamulira. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wovuta, umbava ndi milandu imene anadzetsera abale ake, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kulowa kwake ufumu, kufikira pamene anatembenuka mtima nakhala Mkhristu.

Mphamvu ya Ntara ili m'maso mwake. Iye anauona mudzi wa Achewa monga munthu wobadwiramo, ndipo anadziwa mmene anamwino amayankhulira mwana akabadwa, mmene mlandu umayendera pabwalo, mmene mwini mbumba amalemedwera ndi zochita za mphwake. Pamene Nthondo akuba, akunama ndi kuthawa, bukuli limapuma mpweya. Timamuda, timamuseka, ndipo mwamseri timamuzindikira, pakuti m'mudzi uliwonse muli Nthondo wake. Chichewa chake n'chosavuta, chopanda mawu odzionetsera, chotengedwa pakamwa pa anthu. Olemba a lero amene amaganiza kuti kulemba bwino ndiko kuunjika mikuluwiko itatu m'chiganizo chimodzi akanapindula kukhala pansi ndi mkulu ameneyu.

Koma mankhusu alimonso, ndipo kuwatchula si kuchepetsa Ntara. Nthondo akangotembenuka, moyo uja umachoka m'bukumo. Munthu amene tinayenda naye m'misampha yonse amasanduka chithunzi chopachika pakhoma, chitsanzo chophunzitsira ana a sukulu ya mishoni. Ife sitikudandaula kuti Nthondo anatembenuka. Tikudandaula kuti nkhondo ya mumtima mwake sitinaipatsidwe mokwanira. Aliyense amene anayesapo kusiya mowa, kapena kubweza chimene anaba, kapena kukhululukira mbale amene anamulanda munda, akudziwa kuti munthu wakale safa tsiku limodzi. Amadzukanso Lachiwiri, nadzukanso pa nthawi ya njala. Wolemba amene afulumira pa malo amenewa watimana gawo limene tinalifuna koposa. Ndiponso wowerenga watcheru amaona kuti zambiri za moyo wakale wa m'mudzi zaikidwa m'bukumo monga mdima wokonzera kuwala kumene kukubwera, ngati kuti makolo aja analibe nzeru zawo zodziwira chabwino ndi choipa. Ntara yemweyo ndiye analembanso Mbiri ya Achewa, buku la munthu wonyadira makolo ake. Tikawerenga mabuku awiriwa pamodzi timamva mphunzitsi wa mishoni ndi mwana wa m'mudzi akukokana mwa munthu mmodzi, ndipo kukokana kumeneko n'kokoma kuposa phunziro lililonse limene ana athu amaloweza.

Tachedwa pa Nthondo chifukwa njira imene anaitsegula ndiyo imene nkhani zambiri za Chichewa zatsata kufikira lero. Wochimwa amachimwa masamba ambiri, kenaka pa tsamba lotsiriza amalandira malipiro ake. Mtsikana wopita kutauni amabwerako m'bokosi. Mnyamata wonyoza makolo amathera kundende. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anasanduka chikwapu chimene olemba ambiri amakwapulira atengambali awo, ngati kuti onse amene tinawaika m'manda zaka zimenezo anali olangidwa. Ndani mwa ife sanaikepo mayi wokhulupirika amene sanalakwire munthu? Nkhani zotere zimanama za moyo, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino, ndipo zachuluka chifukwa panalibe wouza olembawo kuti akunama. John Gwengwe, mu Sikusinja ndi Gwenembe, anasonyeza kuti njira ina ilipo. Iye anatenga nthano ya munthu wopha mbale wake chifukwa cha nsanje ya katundu, ndi mbalame imene siileka kumutsata ndi kuimba za chimene anachita. Mbalame imeneyo imagwira ntchito yonse ya chikumbumtima popanda wolemba kukwera pa guwa. Mwana amene anaimvapo saiiwala, ngakhale mafunso a mayeso anawaiwala kalekale.

Wina anganene kuti kupeta kotereku ndi ntchito ya anthu a ku Chancellor College, osati ya alimi a ku Nselema. Mbiri ya dera lathu lomwe lino ikutsutsa zimenezo. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene m'Chingerezi inatchedwa Living Our Faith. Inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000, ochuluka mwa iwo m'Chichewa. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za sukulu zodzaza ndi zipatala zosowa, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Pasanathe masiku ambiri boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo m'mwezi womwewo nyumba ya makina imene inaisindikiza inatenthedwa. Chimene tikufuna kuti tione pano ndi kawerengedwe kake. Ambiri amene anaimva tsiku limenelo sanapite patali ndi sukulu, komabe anaipeta bwino lomwe. Chiganizo chilichonse anachiika pambali pa zimene ankazidziwa: mtengo umene ankagulitsira mbewu zawo, khadi la chipani limene ankafunsidwa pakhomo la msika, mnansi amene anatengedwa usiku osabweranso. Anapeza kuti mawuwo ndi mpunga weniweni, ndipo anawasunga, nawapatsirana mobisa. Pa 14 June 1993 anthu omwewo anavota pa riferendamu kuti m'dziko mukhale zipani zambiri. Kalata imodzi sindiyo inachita zonsezi, koma inasonyeza kuti munthu wamba amadziwa kuyesa zolembedwa, ngati zolembedwazo zikukamba za moyo umene iye akuudziwa, ndipo ngati wazimva ali pamodzi ndi anzake.

Ufulu utabwera, nyuzipepala zinaphuka ngati bowa wa mvula yoyamba, ndipo zambiri zinafota msanga ngati bowa yemweyo. Mu 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi mamiliyoni atatu. Odziwa zilembo anachuluka, koma mabuku oti awerenge sanachuluke nawo. Mawailesi anawonjezeka, kuphatikizapo Radio Maria imene inayamba ku Mangochi mu 1999. Kenaka panafika foni ya m'manja, imene lero ndiyo nyuzipepala, wailesi ndi positi ofesi ya mabanja ambiri.

Foni sitiinyoza. Mayi amene mwamuna wake ali ku Johannesburg, monga alili amuna ambiri a ku Machinga ndi Mangochi, amamva mawu ake madzulo alionse, pamene amayi a kale ankadikira kalata ya ku Wenela miyezi itatu. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wabwezera mwayi kwa amene sadziwa kuwerenga. Koma taonani kusiyana kwake ndi buku. Buku lili ndi dzina la wolemba, chaka ndi malo amene linasindikizidwa; ukalipeza ndi bodza, ukudziwa khomo loti ukagogode. Uthenga wongotumizirana ulibe mwini, ulibe tsiku, ulibe kwawo. Umafika utavala mawu akuti "akuti", ndipo timaupititsa kwa ena tisanaumalize n'komwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anzawo. Mu May 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anafika tsiku lotha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene mauthenga oopseza anthu za katemerayo anali m'foni iliyonse. Apa mpunga wosapeta sunangothyola dzino, unatenga miyoyo.

Chodabwitsa n'chakuti luso lofunikalo tili nalo kale, ndipo timaligwiritsa ntchito sabata iliyonse. Pabwalo la mfumu, mboni ikaimirira, nduna zimaifunsa kuti: kodi munaona ndi maso, kapena munangomva? Munamva kwa yani? Munali mutaima pati? Nanga inu ndi wodandaulayu pali ubale wanji? Mayi wogula usipa amaununkhiza, naunyema, nafunsa ngati ndi wa ku Malombe kapena wa kunyanja yaikulu. Palibe amene amati mayi ameneyu ndi wamwano. Koma munthu yemweyo akaona mawu osindikizidwa, kapena akamva liwu lachilendo la pa foni lolankhula molimba mtima, amavula nzeru zonsezi ngati nsapato pakhomo. Mwina n'chifukwa chakuti zilembo zinafika kwa ife kudzera m'mabuku opatulika, Baibulo kwa ena ndi Qur'an kwa abale athu Asilamu amene ndi ochuluka kuno, kotero kuti tinazolowera kuganiza kuti chilichonse cholembedwa chili ndi ulemerero womwewo. Koma nkhani ya m'nyuzipepala ndi ntchito ya munthu amene anadzuka mochedwa, nathamangira nthawi, ndipo mwina ali ndi amene akumudyetsa.

N'chifukwa chake ife tikuona kuti kuunika mabuku kuyenera kuyambira pakhonde, nthawi ya madzulo, pamene mwana wa Sitandade 7 akuwerengera banja lonse nkhani ya m'magazini. Kale nthano sinkanenedwa kwa anthu ongokhala duu. Omvera ankayankha kuti "tilitonse", ankaimba nawo, ndipo wonena nthano akasokoneza ankamukonza pomwepo. Bambo amene angaimitse mwanayo pakati ndi kufunsa kuti, kodi munthu weniweni angachite zimene wachita uyuyu, wayamba kale ntchito imene nyuzipepala zathu zikuiopa. Ndipo akonzi a magazini akanachita bwino kupatula tsamba limodzi mwezi uliwonse, loti mphunzitsi wa ku Ntaja kapena namwino wa ku Ulongwe alembepo za buku limene wawerenga, m'Chichewa, mosabisa chimene chamukoma ndi chimene chamuwawa. Wolemba wa bukulo adzakwiya sabata imodzi. Buku lake lachiwiri lidzakhala labwinopo.

Pali buku lina limene likudikira lichero la anthu a ku Nselema makamaka. Ambiri kuno chinenero cha pa bere ndi Chiyao, chimene kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, chinalibe malo pa wailesi ya boma kufikira pambuyo pa 1994. Komatu mu 1919 ku Zomba kunasindikizidwa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Chiyao ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Unangu m'dziko la Mozambique, ndipo Meredith Sanderson ndiye anaimasulira m'Chingerezi. Bukuli limafotokoza za phiri la Yao kumene mtunduwu unachokera, za kubalalika kwake, za maulendo a malonda opita kugombe la nyanja ya mchere, ndi za mafumu otchuka monga Mataka. Akatswiri a mbiri ku Ulaya ndi ku America alitchula m'mabuku awo kwa zaka zoposa 100. Koma Abdallah analemba zimene anamva kwa akuluakulu a dera limene iye ankakhala, ndipo mbiri ya mtundu imamveka mosiyana ukaima paphiri lina. Ayao a kuno, anthu a Kawinga, a Nyambi ndi a Liwonde, ali ndi kafotokozedwe kawo ka mmene anafikira m'mapiri ano, amene anawapeza, ndi amene anamenyana nawo. Wina akanatenga bukuli ndi kuliwerenga mokweza pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa nkhalamba za kwa Kawinga, sakanamaliza masamba atatu asanamuimitse ndi kumuuza kuti apo ayi, sizinayende choncho. Zimene nkhalambazo zikanawonjezera sizinalembedwe paliponse, ndipo chaka chilichonse timaperekeza ena mwa iwo kumanda.